Golide kapena mkuwa? Mkangano umene sutha ndi pakamwa

Nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati ikafika, m'masitolo a m'misewu ya Victoria Avenue ndi Haile Selassie mumzinda wa Blantyre, komanso m'tauni ya Limbe, simusowa anyamata ofunafuna mphete. Ena amachokera ku Ndirande ndi ku Bangwe, ena amachita kukwera minibasi kuchokera ku Lunzu, ku Luchenza ngakhale ku Balaka, ndalama zimene akhala akusunga kwa miyezi zili m'thumba la mkati. Funso lawo limakhala limodzi: "Kodi ndi ya golide imeneyi?" Yankho nalonso silisinthasintha: "Golide weniweni, bwana."

Nkhani imadzavuta pakatha miyezi ingapo. Mphete ija yayamba kuthimbirira, mkati mwake mwafiira, ndipo pachala cha mayi patuluka mzere wobiriwira ngati ndere. Bambo amabwerera kusitolo kuja mtima uli m'mwamba. Wogulitsa naye ali ndi mayankho ake: mwina akunena kuti mayiwo amachapa zovala ndi kukwecha mapoto atavala mpheteyo, mwina akukanitsitsa kuti si imene adagulitsa. Lisiti, ngati lilipo n'komwe, lidangolembedwa kuti mphete imodzi ndi mtengo wake basi. Anthu odutsa amaunjikana pakhomo, aliyense n'kumaweruza, koma palibe amene ali ndi sikelo kapena chida choyezera.

Chodabwitsa n'chakuti pamikangano ina yotere onse awiri amakhala akunena zoona.

Golide wosasakaniza ndi chitsulo china ndi wofewa kwambiri, moti mphete yake ikhoza kupindika mayi akamasinja. N'chifukwa chake osula amamusakaniza ndi mkuwa, siliva kapena zitsulo zina kuti alimbe. Muyeso wa kuchuluka kwa golide m'chinthu umatchedwa karati. Golide wa makarati 24 ndiye wosasakaniza. Wa makarati 18 amakhala ndi magawo 750 a golide mwa magawo 1,000 alionse, wa makarati 14 amakhala ndi magawo 585, pamene wa makarati 9 amakhala ndi magawo 375 okha. Manambala amenewa ndi amene amadindidwa mkati mwa mphete, ting'onoting'ono kwambiri moti wina amachita kufunika galasi lokulitsa zinthu kuti awaone. Pa siliva wabwino pamadindidwa 925.

Apa pakutanthauza kuti mphete ya makarati 9, imene ndi yofala kwambiri m'masitolo a ku South Africa ndi ku Britain, gawo lake lalikulu si golide ayi. Ikhoza kuthimbirira pang'ono ikakumana ndi thukuta kapena mankhwala ochapira, koma si yabodza. Wogulitsa amene adanena kuti ndi golide sadaname, kungoti sadamalize kufotokoza. Wogula nayenso ali ndi chifukwa chodandaulira ngati adalipira mtengo wa makarati 18.

Ndiye pali zinthu zongokutidwa. Mphete, ndolo kapena tcheni amazipanga ndi mkuwa kapena chitsulo wamba, kenaka n'kuzimata kagolide kopyapyala kuposa tsitsi pamwamba pake. Opanga achilungamo amadinda zilembo monga GP kapena GF posonyeza kuti chinthucho n'chongokutidwa. Zoterezi sizolakwika kugulitsa, ndipo mabanja ambiri adamangitsa ukwati ndi mphete zotere mpaka lero ali limodzi. Mlandu umabwera pamene munthu wagulitsa chokutidwa pamtengo wa golide yense. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo musanyengeke ndi chidindo chokha, chifukwa kachitsulo kodindira 750 aliyense akhoza kugula n'kumadinda pa chilichonse.

Wina angaganize kuti opusitsidwa ndi anthu akumudzi okha amene sadaonepo golide. Zimene zidachitika ku Lusaka, m'dziko la Zambia, m'chaka cha 2023 zikutsutsa maganizo amenewo.

Pa 13 August chaka chimenecho, ndege yaing'ono ya anthu olemera yochokera ku Cairo, m'dziko la Egypt, idatera pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Tsiku lotsatira, bungwe lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ndi kubisa ndalama zakuba m'dzikolo, la Drug Enforcement Commission, lidachita chipikisheni m'ndegemo. Mkulu wa bungwelo, Nason Banda, adauza atolankhani kuti adapezamo ndalama za ku America zokwana pafupifupi madola 5.7 miliyoni, mfuti zazing'ono zisanu, zipolopolo 126, ndi zidutswa 602 za chitsulo chimene ankachiganizira kuti ndi golide, zolemera makilogalamu 127.2. M'ndegemo mudapezekanso zida zoyezera golide.

Dziko lonse la Zambia lidagwedezeka, anthu n'kumati chuma chawo chimatuluka usiku iwo ali m'tulo. Koma akatswiri a boma atayeza zidutswazo, nduna ya zamigodi, Paul Kabuswe, idalengeza kuti sadali golide. Zambiri mwa izo zidali mkuwa wosakaniza ndi zinki, komanso tizitsulo tina pang'ono. Akadakhala golide weniweni, pamtengo wa nthawi imeneyo akadaposa madola 7 miliyoni. Monga mkuwa, katundu yenseyo sakadafika ngakhale madola 2,000. Malipoti a atolankhani adasonyeza kuti alendowo adabwera kudzagula golide. Ena mwa iwo, pamodzi ndi nzika zingapo za Zambia, adawatsegulira mlandu waukazitape, koma kumayambiriro a September boma lidathetsa mlandu wa nzika za Egypt ndipo zidatulutsidwa.

Anthu oyenda pandege yawoyawo, okhala ndi zida zoyezera, adafika pokhala ndi mkuwa m'ndege mwawo. Nanga kuli bwanji mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Chilomoni amene wangolandira kumene ndalama zake za penshoni?

Funso limeneli si lachibwana, chifukwa golide tsopano ali pakamwa pa aliyense m'dziko muno. Anthu akukumba ndi kusefa mchenga ku Makanjira m'boma la Mangochi, m'mbali mwa mtsinje wa Lisungwe ku Neno, ku Balaka, ku Nkhotakota, ku Kasungu ndi madera ena. Mu 2021 banki yaikulu ya Reserve idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera m'nthambi yake ya Export Development Fund. Kunja nako mtengo wakhala ukukwera modabwitsa: aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31.1, idadutsa madola 2,000 koyamba mu 2020, idadutsa madola 3,000 mu March 2025, ndipo pofika October chaka chomwecho idadutsa madola 4,000. Pamene pali fungo la ndalama chotere, akathyali sachedwa kutulukira.

Njira yawo ndi yakalekale, ndipo imafanana ku Limbe, ku Lusaka ndi ku Johannesburg. Munthu wooneka wakumudzi, wolankhula mwaulemu, amakuuzani kuti wachokera kumigodi ndipo ali ndi kabotolo ka golide wa ufa kapena timibulu, koma sadziwa kogulitsa, ali ndi matenda kunyumba, ndipo akuopa apolisi. Amakupatsani pang'ono kuti mukayezetse. Kameneko kamakhaladi golide weniweni. Mukabwera ndi ndalama zonse, kabotolo kamene mumalandira kamakhala ka mkuwa wopalapala, kapena miyala yonyezimira yotchedwa pyrite, imene azungu adaipatsa dzina lakuti golide wa zitsiru. Nthawi zina pamatulukira munthu wachitatu, wovala bwino, amene amanamizira kuti akulimbirana nanu katunduyo kuti musachedwe kuganiza. Malonda ake amachitikira m'chipinda cha malo ogona alendo kapena m'galimoto, osati pamalo pamene mungadzawapezenso mawa.

Komatu golide ali ndi khalidwe limodzi lovuta kubera, ndilo kulemera. Botolo la lita imodzi lodzaza madzi limalemera kilogalamu imodzi. Litadzaza mkuwa wosakaniza ndi zinki lingalemere makilogalamu asanu ndi atatu ndi theka. Litadzaza golide lingalemere makilogalamu 19.3. Chigubu cha malita 20 chodzaza golide chingalemere makilogalamu 386, pafupifupi matumba asanu ndi atatu a chimanga, moti ngakhale wakabaza wamphamvu chotani sangachisunthe. Katundu wa ku Lusaka uja akadakhala golide sakadadzaza ngakhale malita asanu ndi awiri, koma monga mkuwa ankafika pafupifupi malita 15.

Amene ali ndi sikelo yaing'ono yoyeza magalamu akhoza kuyesa yekha. Yezani chinthucho chili chouma, mulembe. Kenaka ikani kapu ya madzi pasikelo, mubweze sikeloyo pa ziro, mumange chinthucho ndi ulusi n'kuchimiza m'madzimo osagunda pansi kapena m'mbali. Gawani nambala yoyamba ndi nambala yachiwiriyi. Golide wosasakaniza amapereka 19, wa makarati 18 amapereka pakati pa 15 ndi 16, wa makarati 9 amapereka cha m'ma 11, pamene mkuwa sufika 9. Njirayi imafuna chinthu chopanda mwala komanso chopanda mphako mkati, ndipo pa kamphete kopepuka sikelo ya kumsika singathandize.

Mayeso ena amene anthu amawadalira ndi osakwanira. Maginito sakoka golide, n'zoona, koma sakokanso mkuwa, ndiye chinthu kukana maginito si umboni. Kuluma ndi mano kumangowononga mano. Pyrite ndiye savuta: mukamumenya ndi hamala amaphwanyika ngati galasi pamene golide amangophwatalala, ndipo mukamukhutiza kuseri kwa thailosi amasiya mzere wakuda pamene golide amasiya wachikasu. Osula mphete amakanda chinthucho pamwala wakuda n'kudonthezapo asidi, koma akakanda pamwamba pokha, chokutidwa chimapambana mayeso. Ngakhale makina amakono owala, amene amawerenga zitsulo m'timphindi tochepa, amaona pamwamba pokha. Akuba a m'maiko ena adafika pobisa chitsulo cha tungsten, chimene kulemera kwake n'kofanana ndi golide, mkati mwa mibulu yokutidwa bwino. Ogula aakulu n'chifukwa chake amaboola kapena kusungunula katundu yense asadalipire. Wogulitsa amene akukana kuti katundu wake asungunulidwe wayankha kale funso lanu.

Tsono mkangano ukabuka, munthu alowere kuti?

Apa mpamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa amene adagula mphete m'sitolo ndi amene adagula kabotolo kuseri kwa depoti ya Wenela. Wogula m'sitolo malamulo ali kumbali yake. Lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa kunamiza anthu za mtundu wa katundu. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere, ndipo lamulo latsopano la 2024 lidalipatsa mphamvu zolamula wamalonda kubweza ndalama komanso kumulipitsa chindapusa. Bungwe loimira ogula la CAMA, lomwe lili mumzinda womwewu wa Blantyre, lakhala likulankhulira ogula kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ngati zikuoneka kuti wogulitsa adanama mwadala, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, pakuti kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Munthu akhozanso kukasuma kubwalo la majisitireti kuti amubwezere zake.

Koma konseko funso loyamba lidzakhala lakuti: kodi adakulonjezani chiyani, ndipo umboni wake uli kuti? Mawu akuti "golide weniweni, bwana" amauluka ndi mphepo. Lisiti lofunika ndi limene lalembedwa dzina la sitolo, tsiku, makarati, kulemera kwa chinthucho m'magalamu, ndiponso ngati chili golide yense kapena chongokutidwa. Wamalonda wachilungamo sangavutike kulemba zimenezi, ndipo amene wayamba kuzengereza cholembera chili m'manja ndi bwino kumutsanzika ndalama zikadali m'thumba. Kujambula mpheteyo ndi foni ili pasikelo ya m'sitolomo kumatseka pakamwa pa amene angadzanene kuti mwasinthanitsa. Ndipo mkangano ukayamba, musaipale, musaiviike mu asidi nokha kunyumba. Kayezetseni kwa wosula wina amene sakudziwana ndi wogulitsayo, akulembereni zimene wapeza.

Wogula kabotolo uja zake n'zovuta. Malamulo a zamigodi, amene adakonzedwanso mu 2023, amafuna kuti wochita malonda ogula ndi kugulitsa golide wosayenga akhale ndi chiphaso cha boma. Munthu amene adagula mobisa amadziwa kuti akapita kupolisi adzafunsidwa za chiphasocho, ndipo akathyali amadalira mantha omwewo pamodzi ndi manyazi. Ambiri amangofera mumtima, ndalama ya fodya kapena ya banki m'khonde itapita, kunyumba n'kukanena kuti adawabera m'minibasi. Komabe kukanena kupolisi n'kofunika, chifukwa gulu limene lapusitsa munthu mmodzi ku Limbe sabata ino limakhala litakonzeratu kabotolo kena ka munthu wa ku Zingwangwa sabata yamawa.

Amene akufunadi kulowa malonda amenewa ali ndi poyambira. Nthambi ya boma yofufuza za miyala ya Geological Survey ili ku Zomba, ulendo wa makilomita osakwana 70 kuchokera ku Limbe, ndipo ziphaso zimaperekedwa ndi bungwe loyang'anira zamigodi la Mining and Minerals Regulatory Authority. Mtengo wa minibasi yopita ku Zomba ndi kubwerera sufika ngakhale mtengo wa galamu imodzi ya golide.