Dizaini si kukongoletsa chabe

Anthu ambiri akamva kuti ntchito yanga ndi ya dizaini amaganiza kuti ndimangosankha mitundu n'kumakongoletsa zimene ena apanga kale. Amandipeza zonse zitatha, n'kunena kuti, "Tatiikiraniko kachithunzi apa kuti zioneke bwino." Kukongola n'kofunika ndithu, koma ndi mbali yaing'ono ya ntchito yathu. Chachikulu ndi kuganizira munthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho: dzanja lake, maso ake, thumba lake, ndiponso zimene adzachite tsiku limene chidzawonongeke.

Taonani mjigo umene amayi amatungapo madzi m'midzi yathu. Mijigo yakale inkati ikawonongeka, pankafunika amisiri a boma abwere ndi galimoto komanso zida zolemera kudzazula mapaipi onse pansi. Mudzi unkadikira miyezi, anthu n'kubwerera ku zitsime zosatetezeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri ogwira ntchito kuno ku Malawi anayamba kufunsa funso lina. M'malo mofuna mjigo wosawonongeka, anafuna mjigo woti eni mudzi azitha kuukonza okha. Ntchitoyo inapitirira ku Kenya, ndipo m'pamene panachokera mjigo wa Afridev. Ndodo zake zimakolekerana ngati mbedza, moti zimamasuka ndi manja. Timphira timene timatha msanga timatulutsidwa kudzera m'kati mwa paipi popanda kuzula paipiyo. Ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kokowera, komiti ya mjigo imamaliza ntchito tsiku lomwelo. Palibe amene amaima n'kumasirira maonekedwe a mjigo, komatu imeneyi ndi dizaini yapamwamba, chifukwa oupanga anayamba aganizira za mayi wa kumudzi asanagwire chitsulo.

Ku London nako kuli phunziro lofanana. Mapu akale a sitima zapansi pa nthaka ankatsatira mmene njanji zikukhotera, ndipo pakati pa mzinda mayina a masiteshoni ankapanikizana osawerengeka. Harry Beck, amene ankajambula mapulani a zamagetsi, anazindikira kuti wokwera sitima alibe nazo ntchito za kutalika kwa mtunda. Iye akufuna kudziwa potsikira ndi posinthira sitima basi. Anawongola mizere yonse n'kutalikitsa masiteshoni mofanana. Mapu akewo anatuluka mu 1933, ndipo mizinda yambiri padziko lapansi inatengera njira yake.

Nanga tsiku ndi tsiku timachita chiyani? Choyamba timapita kumene kuli anthu, kukaona ndi kufunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ndikapatsidwa ntchito yokonza chikalata cha pa botolo la mankhwala, ndimafuna kuona agogo akuyesa kuchiwerenga m'nyumba ya mdima, alibe magalasi. Kenako timajambula maganizo ambirimbiri papepala, n'kupanga zoyeserera zotchipa, za makatoni kapena dongo. Zimenezo timazipereka m'manja mwa anthu, ndipo pamene akakamira kapena kusokonezeka, m'pamene timakonza. Kompyuta imabwera pambuyo. Munthu wodziwa Photoshop kapena Canva wadziwa chida, koma luso lagona pa kusankha choika ndi chochotsa, n'kutha kufotokoza chifukwa chake.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona uchi, chiponde kapena tsabola wabwino wa alimi athu akutsalira pa shelefu chifukwa chivundikiro chikudontha, zilembo n'zosaoneka, tsiku lothera ntchito silikupezeka. Wogula amatenga botolo lochokera kunja, osati chifukwa zam'katimo n'zokoma kuposa zathu, koma chifukwa lamupatsa chikhulupiriro. Ndalama imene wamalonda anakana kulipira wa dizaini amailuza pamenepo kangapo konse.

Kwa makolo amene mwana wanu amangokhalira kujambula kumbuyo kwa kope, ndikuti musamulande pensulo. Ntchito zilipo: kukonza mabuku ndi nyuzipepala, zikwangwani, mapaketi a katundu, zovala, mipando, mapulani a nyumba, ngakhalenso kaonekedwe ka mapulogalamu a pafoni amene timatumizirana ndalama. Ku MUBAS ku Blantyre amaphunzitsa za mapulani a nyumba, ndipo ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a zojambula. Ku Harare, Saki Mafundikwa anatsegula sukulu ya dizaini ya ZIVA mu 1999, n'kumalimbikitsa ophunzira ake kutunga nzeru m'zolemba ndi zizindikiro za ku Africa konkuno. Ifenso tili ndi pogwira: kalukidwe ka lichero ndi dengu, kaumbidwe ka mtsuko, ngakhalenso zilembo zimene Nolence Mwangwego anapanga zolembera zilankhulo zathu.

Mwanayo aphunzire kujambula, komanso masamu, chilankhulo, ndi kumvetsera anthu akamadandaula, pakuti madandaulo ndiwo amatiuza pamene pali ntchito. Aphunzitsi a Expressive Arts, musalole kuti nthawi ya phunziroli izikhala yosesa pabwalo. Ndipo inu amalonda ndi akuluakulu a m'maofesi, tiitaneni maganizo akadali papepala, pamene kusintha kumangofuna labala, osati mutadinda kale zikalata 10,000 zimene anthu akulephera kuwerenga.