Mutu 7: Dothi liyambe lavomera, nyumba pambuyo

Anthu ambiri ogula malo kumidzi ya ku America amafika ku ofesi ya county atanyamula pulani ya nyumba, mtima uli pa zipinda ndi denga. Zimandiwawa kuona ndalama zikutayika chonchi, chifukwa funso lomwe limatsekereza ambiri silikhudza khoma kapena denga. Funso lake ndi lakuti madzi a kuchimbudzi adzapita kuti.

Kumidzi kulibe mapaipi a suweji ngati a mumzinda. Nyumba iliyonse imadalira septic tank yakeyake, ndipo madzi otuluka m'thankimo amayenera kulowa pansi pang'onopang'ono kudzera m'ngalande zokwiriridwa. N'chifukwa chake m'madera ambiri chilolezo cha thanki chimayamba, cha nyumba n'kubwera pambuyo. Katswiri amakumba maenje, kuwanyowetsa, kenako n'kuwerenga mphindi zimene madzi akutenga kuti atsike inchi imodzi. Dothi lamakande limasunga madzi ngati mtsuko. Lamchenga wokhawokha limawathamangitsa asanasefeke, n'kukaipitsa madzi apansi omwe anthu amamwa. Ku Arizona kulinso caliche, nthaka youma gwa yomwe imabisala pansi pa dothi looneka labwinobwino. Malo a dothi lovuta amafuna thanki yamakono yodula kwambiri, ndipo pulani yomwe munalipira kale ija ikhoza kusakwananso pamalopo.

Musaiwale chitsime. Malamulo a Arizona amafuna mapazi 100, pafupifupi mamita 30, pakati pa chitsime ndi zonse za thanki. Chitsime cha mnansi wanu nachonso chimawerengedwa, ngakhale chili kuseri kwa mpanda. Jambulani mizere imeneyi papepala, muwonjezere mtunda wosiyidwa kuchokera kumalire, mudzaona kuti pamalo aakulu mpata womangapo watsala kachigawo chabe.

Ena amathamangira ku Cochise County, ku Arizona komweko, komwe likulu lake ndi Bisbee, atamva kuti kumeneko munthu amamanga mmene akufunira. Zoona zilipo: mwini malo a maekala 4 kapena kuposerapo, m'dera loikidwa kuti ndi lakumudzi, akhoza kudzimangira nyumba popanda oyendera kudzaona ntchito yake. Koma chilolezo amatengabe, ndipo pa za thanki salekereredwa. Sangamangenso mwachisawawa m'khwawa louma, poti mvula ya mu July ndi August imasandutsa makwawa otere mitsinje yolusa. Mapu a bungwe la boma la FEMA oonetsa malo osefukira madzi muwaone musanasankhe pokumba maziko.

Zotsalazo ndi za mapepala: fomu, malipiro, chilolezo cholumikizira njira yanu kumsewu, nambala ya nyumba yoti ambulansi ikupezereni.

Ngati malowo simunagule, lembetsani m'pangano kuti malonda atheka pokhapokha dothi litayezedwa n'kupezeka loyenera. Wogulitsa akakana, funsani ku ofesi ya county ngati pamalopo anayezapo kale, ndipo zotsatira zake zinali zotani.