Wopuma Ntchito Msanga Asamangokhala Pakhonde

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha nthenda ya Covid-19, aphunzitsi ndi akalaliki ena anapuma ntchito asanakwane zaka 60, nabwerera kumudzi. Masiku amenewo kunali koyenera kuti munthu wamkulu akhale panyumba, pakuti nthendayi ipha kwambiri achikulire. Ana ndiwo anali kutumidwa kuchigayo, kumsika ndi kusitolo.

Malamulo oletsa kusonkhana aja anatha, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti ngozi yaikulu yapita. Koma ena sanadzukebe pampando wandalema.

Taonani, munthu wozolowera kulawira ku ntchito akangokhala, miyendo ilemera, tulo sitibwera, ndipo nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimpeza msanga. Ndiponso penshoni ichepa poyerekeza ndi malipiro. Wotuma mwana sadziwa mtengo wa sopo, ndipo chenji saiona.

Tsono pitani nokha. Pa tsiku la msika lembani zofunika papepala, nimuyende pansi dzuwa lisanatenthe. Podutsa pachipatala pimitsani magazi. Tsiku limene muli ndi chifuwa kapena chimfine, pamenepo ndiye tumani mwana.