Malire a Mankhwala Otsalira m'Chimanga ndi m'Zakudya za Ziweto

Chimanga chimene chimadyedwa m'mizinda ya Blantyre, Lusaka kapena Tete m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chimakhala chitadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Mlimi amakolola mu Meyi kapena mu Juni, natonola, nathira mankhwala a ufa asanasoke matumba. Ndalama zikamuthera mu Ogasiti amagulitsako thumba limodzi kwa wogula wa pa sikelo. Wogulayo, posadziwa chimene chinathiridwa kale, ndiponso poopa kuti anankafumbwe angamudyere mpamba, amathiranso mankhwala ake. Chimanga chija chimatuluka m'dziko kudzera pa chipata cha Muloza kapena cha Mwami, mwinanso pa tinjira ta njinga, nkukafika m'nyumba yosungiramo katundu ya wamalonda wamkulu, amene nayenso ali ndi botolo lake. Mwa anthu atatuwa palibe wa mtima woipa, aliyense wangoteteza chuma chake. Koma malamulo a mankhwala otsalira m'zakudya anakonzedwa poganiza kuti chimanga chidzathiridwa monga mwa malangizo olembedwa pa paketi, osati mobwerezabwereza chotere.

Malire a mankhwala otsalira, amene m'mabuku a Chingerezi amalembedwa mwachidule kuti MRL, ndi kuchuluka kwa mankhwala kumene lamulo limalola kuti kupezeke m'chakudya cha anthu kapena cha ziweto, ndipo amawerengedwa m'mamiligalamu pa kilogalamu iliyonse. Anthu ambiri, ngakhale ena amene anaphunzira za ulimi, amayesa kuti malirewa ndi mzere wolekanitsa chakudya chabwino ndi chiphe. Si choncho ayi. Powapeza, ofufuza amalima mbeu m'minda yoyesera ingapo, napopera mankhwala pa mlingo waukulu koposa umene malangizo alola, nakolola pa tsiku loyambirira limene malangizo omwewo alola kukolola. Zotsalira zimene zapezeka m'zokololazo ndizo zimakhala maziko a malire. Pambuyo pake akatswiri a zaumoyo amaona ngati munthu wodya chakudya chotero tsiku ndi tsiku moyo wake wonse sangapyole mlingo umene thupi lingalandire popanda chovuta. Ngati angapyole, malirewo savomerezedwa, ndipo kathiridwe ka mankhwalawo kayenera kusintha. Motero chakudya chikapyola malire sindiye kuti wochidya agwa pomwepo. Chimene chaonekera nchakuti penapake, pakati pa munda ndi msika, wina sanatsate malangizo.

Ntchito yogwirizanitsa malirewa pa dziko lonse ili m'manja mwa bungwe la Codex Alimentarius, limene linakhazikitsidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO m'chaka cha 1963. Kuyambira mu 1995, pamene bungwe la zamalonda la WTO linayamba ntchito, malire a Codex ndiwo amatengedwa ngati muyeso maiko akasiyana maganizo pa za katundu wokanidwa. Maiko amene alibe mphamvu zochitira okha kafukufuku wotere amangotengera ziwerengero za Codex.

Mankhwala osungira chimanga amene alangizi a chigawo chino amawadziwa bwino ndi pirimiphos-methyl, amene amapezeka mu Actellic ndi m'mankhwala ena ofanana nawo. Kufala kwake kuli ndi mbiri. Nankafumbwe wamkulu, amene kwawo nku Mexico ndi maiko oyandikana nawo, anaoneka m'dera la Tabora ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anali atalowa m'Malawi ndi m'Zambia. Kachirombo kameneka kamaboola chimanga cha m'zitsononkho ngakhale nsungwi za nkhokwe zomwe, choncho alimi analangizidwa kusiya kusunga chimanga chosatonola, nayamba kutonola, kuthira mankhwala ndi kuika m'matumba. Uphungu umenewu unapulumutsa chakudya chambiri ndipo palibe chifukwa choudandaulira. Koma kuyambira pamenepo mankhwala ophera tizirombo anayamba kukhudza mwachindunji njere imene munthu adzadye.

Malire a Codex a pirimiphos-methyl m'mbeu za mtundu wa chimanga, tirigu ndi mapira ndi mamiligalamu 7 pa kilogalamu. Mankhwala a ufa odziwika bwino amakhala ndi 1.6 peresenti ya pirimiphos-methyl, ndipo mlingo umene alangizi ambiri amaphunzitsa ndi magalamu 25 pa thumba la makilogalamu 50. Wowerengetsa apeza kuti m'magalamu 25 amenewo muli mamiligalamu 400 a mankhwala enieni, amene akagawidwa pa makilogalamu 50 akhala mamiligalamu 8 pa kilogalamu. Ndiye kuti pa tsiku lothira, ngakhale mlimi atayesa bwinobwino, chimanga chake chimakhala pafupi penipeni ndi malire. Chimatsikira pansi pa malire chifukwa ufa wina umagwera pansi pa thumba kapena kumamatira ku thumbalo, ndipo mankhwala otsala amatha mphamvu pang'onopang'ono m'miyezi yosungira. Kutha kwake nkochedwa, pakuti mankhwalawa anasankhidwa dala kuti akhalitse pa njere youma. Malo a kuthira kwachiwiri palibe, nanji kwachitatu.

Chiwerengero china chofunika kuchisunga ndi mlingo wa tsiku ndi tsiku umene akatswiri a FAO ndi WHO anaika pa mankhwala omwewa: mamiligalamu 0.03 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi. Kwa munthu wolemera makilogalamu 60 ndiye mamiligalamu 1.8 pa tsiku. Chimanga chokhala pa malire enieni chikanakhala kuti chimadyedwa monga chachokera m'thumba, magalamu 260 okha akanakwanitsa mlingo umenewu, pamene munthu wamkulu wodya nsima masana ndi madzulo amatha ufa woposa pamenepo. Anthu a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Lesotho ali m'gulu la odya chimanga kwambiri pa dziko lapansi, kotero kuti chiwerengero chimene kwina sichidetsa nkhawa, kuno chiyenera kuyang'anidwa kawiri.

Chimene chimatchinjiriza anthu ndi ntchito ya amai, imene mabuku a malamulo saitchula. Mankhwalawa amakhala kunja kwa njere, pa khungu ndi pa kamtima kokhala ndi mafuta. Kupeta kumachotsa ufa wosamamatira, kukonola kumachotsa khungu, kuviika mphale ndi kutaya madzi ake kumachotsanso ena, ndipo kuphika kumachepetsako otsala. Ufa woyera umafika m'mbale utasiya gawo lalikulu la mankhwala m'mbuyo. Mgaiwa sudutsa njira yonseyi. Apa pamafunika nzeru, pakuti alangizi a kadyedwe koyenera amalimbikitsa mgaiwa, ndipo salakwa: uli ndi zofunika m'thupi zimene ufa woyera unataya, komanso thumba limapita patali. Yankho si kusiya mgaiwa. Banja lodya mgaiwa ndilo liyenera kusamala koposa kuti chimanga chake chathiridwa kamodzi, pa mlingo wake, ndi kuti chapetedwa bwino chisanapite ku chigayo.

Mankhwala amene achoka pa njere pokonola sasowa ayi, amapita m'madeya. Codex imazindikira zimenezi, ndipo nchifukwa chake malire a pirimiphos-methyl m'madeya a tirigu ndi mamiligalamu 15, kuposa kuwirikiza kawiri malire a njere yathunthu. Madeya a chimanga, amene ena amati gaga, ndiwo chakudya chachikulu cha ng'ombe za mkaka za alimi ang'onoang'ono, nkhumba, nkhuku ndi nsomba za m'maiwe. M'chaka cha njala anthunso amadya madeya omwewo. Pofuna kuika malire mu mkaka, nyama ndi mazira, ofufuza amadyetsa ng'ombe ndi nkhuku chakudya chokhala ndi mankhwala kwa masiku osachepera 28, namayesa zotuluka. Pa pirimiphos-methyl zotsatira zake nzolimbitsa mtima, chifukwa thupi la chiweto limawaphwanya ndi kuwatulutsa msanga. Vuto limakula pamene madeya kapena zotsalira za m'munda zili ndi mankhwala amene sanayesedwepo pa ziweto, makamaka aja osungunuka m'mafuta.

Dziko la Australia linaphunzira zimenezi mowawa mu 1994. Kunali chilala, msipu unatha, ndipo oweta ng'ombe anayamba kudyetsa ziweto zawo zinyalala za thonje. Thonjelo linali litapoperedwa mankhwala otchedwa chlorfluazuron, amene amakhazikika m'mafuta a m'thupi. Zotsalira zake zitapezeka m'nyama, maiko ogula anaimitsa katundu, popeza ambiri mwa iwo analibe malire alionse a mankhwalawo m'nyama ya ng'ombe.  Patapita nthawi kunapezeka kuti ngakhale ana a ng'ombe obadwa pambuyo pake anali nawo, atawayamwa mu mkaka wa amai awo, ndipo mlandu wa oweta ng'ombe ndi kampani yogulitsa mankhwalawo unafika ku khoti. Zofanana nazo zinachitika ku Hawaii mu 1982, pamene mkaka unachotsedwa m'masitolo a pa chilumba cha Oahu chifukwa ng'ombe zinadya masamba a chinanazi okhala ndi heptachlor.

Mlangizi wa ku Chikwawa, ku Gokwe kapena ku Petauke sangaione nkhani ya ku Australia ngati yachilendo. M'chilala cha 2024, pamene Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza kuti agwa m'ngozi, chiweto chinkadya chilichonse chimene chinatsala m'munda. M'madera olima thonje ng'ombe zimalowa m'minda akangotha kutola, mitengo ya thonje isanazulidwe. Chifikireni mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo m'chigawo chino chakumapeto kwa 2016, chimanga cha m'munda chimene kale sichinkapoperedwa kawirikawiri chinayamba kupoperedwa, nthawi zina ndi mankhwala otsala ku thonje kapena ku fodya, ndipo mapesi ake ndiwo amadyetsedwa kwa ziweto. Pa botolo pamalembedwa masiku odikira asanakolole, ndipo pa mabotolo ambiri pamalembedwanso masiku odikira ziweto zisanadye zotsalira. Mzere wachiwiriwu sumawerengedwa kawirikawiri pa misonkhano ya alimi. Mbeu yogula ku sitolo, yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, ndi nkhani ina: yotsala pobzala siyenera kupatsidwa nkhuku kapena kusakanizidwa ndi chimanga cha ku chigayo, ngakhale itatsukidwa.

Pa malonda a kunja lamulo limaluma koposa. Maiko a mu European Union, mwa lamulo lawo la 2005 limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2008, anaika kuti mankhwala alionse amene alibe malire ake pa mbeu inayake asapyole mamiligalamu 0.01 pa kilogalamu. Japan inaika mlingo womwewo mu 2006. Kuchepa kwake kumamveka bwino motere: ndi galamu imodzi m'matani 100, kapena kuti m'matumba 2,000 a makilogalamu 50. Wogulitsa mmodzi wothira mankhwala osayenera pa matumba ochepa angathe kukanitsa lole yathunthu. Mu Juni 2015 European Union inaletsa nyemba zouma zochokera ku Nigeria chifukwa cha dichlorvos, mankhwala amene ankathiridwa pofuna kupha anankafumbwe posunga, ndipo chaka chotsatira chiletsocho chinaonjezeredwa zaka zina zitatu. Maiko ogulitsa kunja nandolo, mtedza, nyemba, chitowe ndi paprika ali pa msampha womwewo. Mbeu zoterezi zili ndi tsoka lina lakuti makampani a mankhwala saona phindu lolipirira kafukufuku wa malire pa mbeu zolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono, kotero kuti mankhwala ena ogwira bwino ntchito pa mbeuzo amakhala opanda malire, ndipo kupanda malire kumatanthauza 0.01 uja.

Malamulo olembetsera mankhwala alipo m'maiko ambiri a chigawo chino. Ku Malawi kuli lamulo la m'chaka cha 2000 ndi bungwe la Pesticides Control Board, ku Zambia ntchitoyi ili ndi bungwe la ZEMA mwa lamulo la 2011, ndipo ku South Africa mankhwala amalembetsedwa mwa lamulo la 1947 pamene malire a m'zakudya amaikidwa mwa lamulo la zaumoyo la 1972. Chosowa ndi kuyesa. Makina opezera tizigawo ting'onoting'ono totere ngodula kugula ndi kusamalira, ndipo kumene alipo amatanganidwa makamaka ndi katundu wopita kunja, amene mwini wake angathe kulipira. Thumba la pa msika wa kumudzi ndi madeya a pa chigayo sizifika kwa woyesa. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti nyemba zopita ku Ulaya zimayesedwa mosamala kuposa ufa wa phala la mwana wa mlimi amene anazilima.

Pamene palibe makina, chotsala ndi mbiri ya thumba. Mlangizi angathe kuzoloweretsa alimi ndi magulu awo kulemba pa thumba dzina la mankhwala ndi tsiku lothira, ndi kufika nawo uthenga womwewo kwa ogula a pa sikelo, amene kawirikawiri saitanidwa ku maphunziro a kasungidwe ka mbeu ngakhale kuti ndiwo amathira kachiwiri. Ku magulu a mkaka funso lakuti madeya achokera ku chigayo chiti, ndi ku chimanga chotani, liyenera kufunsidwa monga amafunsira za katemera. Chimanga choti chidyedwe m'miyezi iwiri yoyamba, ngati chauma bwino ndipo chilibe tizirombo, kawirikawiri sichisowa mankhwala. Choti chisungidwe nthawi yaitali chingathe kuikidwa m'matumba osalowa mpweya, monga a PICS amene anayamba kufalitsidwa kumadzulo kwa Africa mu 2007 posungira khobwe, kapena m'nkhokwe za malata zotsekedwa bwino. Mmenemo tizirombo timafa ndi kusowa mpweya, malinga chimanga chikhale chitauma mokwanira ndipo thumba la mkati lisabooledwe ndi khoswe kapena msomali.