TISANASAMUKE PA KEYALA YAKALE, TIYAMBE TATUTA MAKALATA

Munthu akamasamuka pamudzi sasiya chimanga m'nkhokwe. Amayamba wakonza pokathira, kenaka amatuta dengu ndi dengu mpaka nkhokwe itatsala yopanda kanthu, ndipo pamenepo mpamene amatsazika anansi ake. Koma masiku ano anthu ambiri, makolo ndi ana omwe, akusamuka pa makeyala ao a imelo osatutako kanthu. Atsekula keyala yatsopano usiku umodzi, auza abwenzi awiri atatu, yakale ija naiiwala. Pakapita chaka kapena ziwiri afuna kalata ina yofunika, nkupeza chitseko chotseka, kapena m'nyumba mosesedwa kale. Mwezi uno tafuna kuti tikambirane nanu, owerenga athu, za m'mene tingatutire makalata athu ndi kuwasunga pakhomo tisanachoke ku kampani ina ya imelo kunka ku inzake.

KODI MAKALATA ATHU ALI KUTI?

Kale kalata ikafika kuchokera kwa bambo ogwira ntchito m'migodi ya ku Johannesburg, kapena kwa malume ku Bulawayo, inali yathu ndithu. Tinkaipinda bwino ndi kuiika m'sutikesi, ndipo adani ake anali chiswe, mvula ndi moto basi. Imelo ili ndi khalidwe lina. Tikatsekula Gmail, Yahoo Mail kapena Outlook.com pa foni kapena pa kompyuta, timangosuzumira pa zenera. Makalata enieniwo ali m'makina aakulu otchedwa maseva, m'nyumba za eni kampani, kawirikawiri kutsidya kwa nyanja. Foni imangosunga ochepa a masiku apafupi kuti tiziwerenga msanga. Tsono ife tili ngati munthu wothira chimanga chake m'nkhokwe ya mnzake: malinga akumvana zonse zili bwino, koma wamalamulo ndi mwini nkhokwe.

Eni nkhokwezo naonso amasintha. Hotmail inayamba mu 1996, Microsoft inaigula kumapeto kwa 1997, ndipo pofika 2013 anthu ake onse anali atasamutsidwira ku Outlook.com. Gmail inabwera pa 1 Epulo 2004 ndi malo a gigabayiti imodzi, amene pa nthawiyo anaoneka ochuluka kotero kuti ena anayesa nthabwala. Mu 2013 malo aulerewo anafika magigabayiti 15, koma ogawana pakati pa makalata, zithunzi ndi zikalata zina, ndipo akadzaza, makalata atsopano amaleka kulowa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amasamukira. Ena amasamuka chifukwa keyala yao inathyoledwa ndi mbala, ena chifukwa atsiriza sukulu kapena asiya ntchito, ndipo ena angopeza kampani imene aikhulupirira koposa.

ZIMENE ZINAONEKERA ENA

Tisayese kuti tikungoopsezana. Mu Febuluwale 2011 pulogalamu ina ya Google inalakwika, ndipo anthu pafupifupi 2 mwa 10,000 alionse a Gmail anadzuka nkupeza mabokosi ao ali pululu. Mwai wao unali wakuti kampaniyo inali itasunga makope ena pa matepi, kutali ndi intaneti, ndipo makalata anabwezedwa patapita masiku. Taonani, ngakhale kampani yaikulu chotero inapulumukira pa kope losungidwa padera.

Pa 8 Ogasiti 2013 kampani ya imelo ya ku America yotchedwa Lavabit inatsekedwa mwadzidzidzi. Mwini wake, Ladar Levison, anali pa mkangano ndi boma la dzikolo, limene linafuna makiyi achinsinsi otsekulira makalata a anthu, ndipo iye anasankha kuimitsa ntchito yonse. Anthu oposa 400,000 anatsekeredwa kunja popanda chenjezo. Chaka chomwecho Yahoo inalengeza kuti maina a makeyala amene anakhala miyezi 12 osagwiritsidwa ntchito adzaperekedwa kwa ena owafuna. Ndipo mu Meyi 2023 Google inalengeza kuti kuyambira Disembala chaka chimenecho ikhoza kufafaniza keyala ya munthu amene sanaigwiritse ntchito kwa zaka 2, pamodzi ndi makalata ndi zithunzi zake zomwe. Lamulo lotsirizali likutikhudza kwambiri, pakuti keyala yosiyidwa posamuka ndiyo imene imaiwalika.

Nanga chimatayika nchiyani? Malisiti a fizi ya ana, makalata otiitana ku ntchito kapena ku maphunziro, mapangano ogulana malo, zotsatira za ku chipatala, umboni wa ndalama zimene mbale wa ku London anatumiza zomangira nyumba. Tsiku la mlandu zimenezi ndizo mboni zathu. Palinso zina zosagulika ndi ndalama: makalata a mai kapena a mlongo amene anatisiya, mau ao enieni, ndi zithunzi zimene anatitumizira. Madzi akatayika saoleka.

NJIRA ZIWIRI ZOTUTIRA

Ntchitoyi imafuna kompyuta, pakuti foni yokha siikwanira bwino. Imafunanso intaneti yodalirika ndi magetsi, popeza makalata a zaka 10 akhoza kukwana magigabayiti angapo, ndipo kutsitsa kukadukira panjira nthawi zina timayambiranso. Nchanzeru kuyamba tachotsa makalata otsatsa malonda ndi ena achabe, kuti tisaononge ndalama za intaneti potuta mankhusu.

Njira yoyamba ndiyo kupempha kampani kuti itimangire katundu wathu. Google ili ndi chipangizo chotchedwa Google Takeout, chimene chinayamba mu 2011, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2013 chimatulutsanso makalata a Gmail. Tikalowamo timapeza mndandanda wautali wa zinthu zathu zonse. Tichotse chizindikiro pa zonsezo, tisankhe Mail ndi Contacts zokha, ndiye kuti makalata ndi maina a anthu olemberana nao, kenaka tipemphe kuti zimangidwe. Pamatha kupita maola kapena masiku, ndipo mtolo ukakonzeka Google imatitumizira uthenga. Tisazengereze, pakuti mtolowo umatidikira pafupifupi masiku 7 okha. M'kati mwake mumakhala fayilo ya mtundu wa MBOX, imene imasunga makalata pamodzi ndi zithunzi ndi zikalata zomatidwa pa makalatawo. Fayilo imeneyi siiwerengeka bwino pongoidina ai. Imafuna pulogalamu yowerengera makalata. A Outlook.com naonso akhoza kutulutsa makalata ao kudzera m'pulogalamu ya Outlook ya pa kompyuta, ndipo fayilo yao ndi ya mtundu wa PST.

Njira yachiwiri ndiyo kututa tokha, ndipo imagwira ntchito pa makampani ambiri, Yahoo yomwe. Tiike pa kompyuta pulogalamu yaulere ya Thunderbird, yochokera ku bungwe la Mozilla, imene yatumikira anthu zaka zoposa 20. Tikailumikiza ndi keyala yathu imayamba kuonetsa mafoda athu onse. Pano mpamene pali mbuna imene yagwetsa ambiri. Kulumikizanaku kumachitika kawirikawiri mwa njira yotchedwa IMAP, imene anaikonza Mark Crispin mu 1986, ndipo IMAP ili ngati kalilole. Chimene chili pa seva ndicho chimaoneka pa kompyuta. Chikafafanizidwa uko, kunonso chimazimirira. Munthu akhoza kuona makalata ake onse pa kompyuta nakondwa kuti watuta, koma pambuyo pake nkutsala chimanjamanja.

Kuti makalata akhale athudi, tiwakopere ku chigawo cha Thunderbird chotchedwa Local Folders, chimene chimakhala pa kompyuta pathu pokha. Titenge foda imodzi imodzi, makalata mazana angapo pa nthawi, ndipo tisankhe kukopera, osati kusamutsa, kuti china chikalakwika oyamba aja akhale alipobe. Tisaiwale foda ya makalata amene tinatumiza ife, pakuti pa mlandu chimene tinalemba chimafunika monga chimene tinalandira. Thunderbird yomweyo ikhozanso kuwerenga fayilo ya MBOX ija yochokera ku Google.

Pamwamba pa izi, makalata ofunika koposa, kaya 20 kaya 30, tiwasunge payekhapayekha monga mafayilo a PDF, ndipo okhudza malo ndi ndalama tiwasindikize pa pepala. Pepala silifuna magetsi.

TIYESE TISANAKHULUPIRIRE

Wotuta wanzeru amawerenga matumba pofika. Tiyerekeze chiwerengero cha makalata a m'foda iliyonse ya pa intaneti ndi cha m'kope lathu, pokumbukira kuti Gmail imamanga pamodzi makalata oyankhana ndi kuwawerenga ngati imodzi, kotero kuti ziwerengero zikhoza kusiyanako. Kenaka tizimitse intaneti, tilowe mu Local Folders, titsekule kalata yakale koposa, ina ya pakati ndi ina ya dzulo, ndipo tione ngati zithunzi ndi zikalata zomatidwa zikutsekuka. Zikatsekuka m'menemo popanda intaneti, ndiye kuti katundu wafika.

Koma kope limodzi ndi losakwanira. Kompyuta imabedwa, imapsa ndi mphezi, imagwidwa ndi mavairasi. Katswiri wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo losavuta kukumbukira la 3-2-1: makope 3, pa zosungira za mitundu 2, ndipo kope limodzi likhale ku nyumba ina. Kwa ife zikhoza kutanthauza kope la pa kompyuta, lachiwiri pa hard disk ya padera yosungidwa m'kabati, ndi lachitatu pa fulashi kwa mbale wokhulupirika. Tizitsekula makopewa kamodzi pa chaka, ndi kuwakopera pa chosungira chatsopano pakapita zaka zingapo, pakuti fulashi nayo imakalamba. Tikumbukirenso kuti fayilo ya MBOX ilibe loko, ndipo aliyense woitola akhoza kuwerenga zonse. Tiitsekere ndi mau achinsinsi, kapena tiibise monga tibisira buku la ku banki. Ngati tinabwereka kompyuta ya wina, tifafanize zathu zonse tisanaibweze.

TISAFULUMIRE KUGWETSA NYUMBA YAKALE

Keyala ya imelo ndi kiyi wa zitseko zambiri. Banki, sukulu, Facebook ndi maofesi ena amatumiza kumeneko uthenga wotithandiza tikaiwala mau achinsinsi. Munthu wotaya keyala yakale asanawadziwitse akhoza kudzitsekera kunja kwa zonsezi. Tilembe pa pepala onse amene ali ndi keyala yathu, tiwasinthire mmodzimmodzi, ndi kuika chizindikiro pa amene tathana nao. Gmail imalola kuti makalata ofika ku keyala yakale azipitirira okha ku yatsopano kwaulere, pamene Yahoo inaleka kuchitira zimenezi anthu osalipira pa 1 Januwale 2021. Ife tikulangiza kuti keyala yakale ikhale yamoyo chaka chathunthu, tikumaisuzumira mwezi ndi mwezi, pakuti makalata ena, monga a inshulansi, amabwera kamodzi pa chaka. Pa tsiku lotsiriza titutenso otsala, ndipo tikatero tikhoza kutseka ndi mtima wokhazikika.

Eni makeyala a ku ntchito ndi a ku koleji achenjere koposa. Keyala yotere ndi ya ofesi kapena ya sukulu, ndipo ikhoza kutsekedwa tsiku lomwelo limene munthu wachoka. Wophunzira asayembekeze tsiku lolandira digiri. Atute kukali miyezi ingapo. Wantchito apemphe chilolezo, ndipo atenge makalata okhudza iye mwini okha, pakuti zinsinsi za ofesi si katundu wake.

MAU KWA MAKOLO NDI ANA

Inu achinyamata, zala zanu ndizo zozolowera makinawa. Thandizani makolo anu, koma mwaulemu. Akhale pambali panu, alembe okha mau ao achinsinsi, ndipo maso anu asalowerere m'makalata osakukhudzani. Wotumidwa kukatuta chimanga sasuzumira kuchipinda. Inunso makolo, musachite manyazi kufunsa mwana, pakuti mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Ganiziraninso za mawa, ndipo muuze munthu mmodzi wokhulupirika kumene kuli makope anu. Kuyambira 2013 Google ili ndi chipangizo chotchedwa Inactive Account Manager, chimene chimalola munthu kutchuliratu anthu oti adzalandire makalata ake keyala ikakhala nthawi yaitali yosatsekulidwa. Nzomvetsa chisoni kuona banja likufunafuna zikalata za malo ndi za ku banki maliro atapita, chonsecho zili m'bokosi limene kiyi wake anapita ndi mwini wake.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Makalata amene ali pa seva ya kampani akali pachala. Ntchito yonse tafotokozayi ikhoza kutha m'Maloweruka awiri, ndipo mtengo wake ndi ndalama za intaneti ndi za chosungira basi. Ngakhale amene sakuganiza zosamuka chaka chino achita bwino kututiratu, pakuti anthu a Lavabit aja naonso sanaganize zosamuka usiku umene anakagona makalata ao alipo.