Taifodi: katemera wafika, nanga madzi a ku Matandani?

Anthu a ku Neno amene ali ndi zaka zoposa 25 sangaiwale chaka cha 2009. M'midzi ya m'malire a Malawi ndi Mozambique mudabuka matenda achilendo. Munthu amayamba ndi kutentha thupi ngati malungo, kenaka ena miyendo kuuma, kuyenda mwadzandidzandi, lilime kulemera. Mphekesera zidali mbwee.

Akatswiri a unduna wa zaumoyo pamodzi ndi a bungwe la CDC la ku America atayeza magazi, adapeza kuti adali taifodi. Kuyambira Malichi mpaka Novembala chaka chimenecho, anthu 303 a m'midzi 18 adadwala ndipo 11 adamwalira. Choopsa china nchakuti kachilomboko kadapezeka kakuberekera kumsana mankhwala amene tidawazolowera: ampicillin, chloramphenicol ndi bactrim.

Taifodi salowa m'thupi mwamatsenga ayi. Kachilombo kake kamatuluka m'chimbudzi cha munthu, kukalowa m'madzi kapena m'chakudya, wina n'kumeza. Basi. Mvula ikagwa kumapiri kuno, zonse zimene zidasiyidwa kutchire zimatsetserekera kumtsinje komwe amayi amatunga madzi.

Tsono nkhani yabwino nayi. M'chaka cha 2018 ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, motsogozedwa ndi Pulofesa Melita Gordon, mogwirizana ndi yunivesite ya Maryland, adabaya ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12. Theka adalandira katemera watsopano wa taifodi, theka linalo katemera wa matenda oumitsa khosi, kuti pakhale pofananizira.

Zotsatira zimene zidatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2024 nzosasowa womasulira. Patadutsa zaka zoposa 4, ana 24 okha mwa obayidwa katemera wa taifodi ndiwo adadwala, pamene gulu linalo adadwala 110. Ndiye kuti jekeseni imodzi yokha idachepetsa matendawa ndi 78 pa 100. Ndipo kafukufukuyu sadachitikire ku London, adachitikira pa ana athu omwe, akumwa madzi athu omwewa.

Boma silidadikire. Mu Meyi 2023 lidachita kampeni yobaya ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15 m'dziko lonse, ndipo katemerayu adalowa m'ndandanda wa kusikelo, mwana akakwana miyezi 9.

Koma tisavine msanga, abale anga. Kafukufuku wina wa ku Bangladesh, wa 2024 yemweyo, adaonetsa kuti mphamvu ya katemera wamtunduwu imatha kuchepa pakapita zaka 3 mpaka 5, makamaka kwa amene adabayidwa asanakwane zaka 2. Mwana wa ku Matandani amene adabayidwa ali kumsana mu 2023 akhoza kudzafunika jekeseni ina pamene akuyamba sitandade 1. A unduna ayambiretu kuliganizira funso limeneli, asadikire maliro.

Chachiwiri, katemera wa kusikelo sakhudza akuluakulu. Bambo amene akumwa madzi a pachitsime chosatetezedwa akadali pa ngozi yomweyo ya 2009. Jekeseni siimba mjigo, siimanga chimbudzi.

Nanga ife tichitenji? Amayi, tsegulani kabuku ka kusikelo. Ngati simukuonamo katemera wa taifodi, funsani alangizi a zaumoyo pachipatala cha Matandani. Madzi akumwa tiziwiritsa kapena kuthiramo kulorini. Pakhomo pakhale chimbudzi chovundikira ndi mpondagiya, ndipo mafumu asachite manyazi kulondola zimenezi khomo ndi khomo.

Thupi likatentha masiku angapo koma poyeza malungo osapezeka, musathamangire kugolosale kukagula makapisozi awiri atatu. Kumwa mankhwala modukiza chotero nkomwe kumaphunzitsa kachilombo kulimba mutu. Bwererani kuchipatala mukanene.

Neno ili ndi mwayi woti bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuno kuchokera mu 2007, ndipo ali ndi anthu oyendera makomo m'midzi. Amenewa akhoza kupeza mwana aliyense amene adaphonya katemera. Koma za mijigo ndi mipope nza khonsolo ndi aphungu athu. Ofufuza mbali yawo achita. Akabwera ofuna mavoti, tiwafunse za madzi.