Za Maphunziro a Oimba Mabelu Mosinthana

Pa Cicewa tinena kuti belu lalira, ndipo iye amene alicititsa kulira tinena kuti waliza belu. Mau akuti kuliza acokera ku kulira, monga kukweza acokera ku kukwera, ndi kubweza ku kubwera. Ena anena kuimba belu, monga anenera kuimba ng'oma, ndipo sitingawatsutse. Koma m'nkhani yino tidzanena kuliza ponena za belu limodzi, ndi kuimba ponena za mabelu ambiri olira m'dongosolo. M'midzi ya kwa Mavwere, monganso m'midzi yina ya ku Mchinji, belu la pa chalichi kawirikawiri liri limodzi, kapena ndi citsulo ca gudumu la galimoto copacikidwa pamtengo, ndipo mwana ali yense wotha kunyamula mwala akhoza kuitana naco anthu. Cifukwa cace aphunzitsi ena adzazizwa pakumva kuti kuli anthu amene atha zaka zambiri alikuphunzira mabelu, nadziyesabe ophunzira.

Mwambo umenewu unabadwira ku England m'zaka za m'ma 1600. Fabian Stedman, wa ku London, anaturutsa buku loyamba lofotokoza malamulo ace m'caka ca 1668, nalemba lina m'caka ca 1677. Ndipo lero nsanja za mabelu otere m'dzikomo ziposa 5000. Kuno ku Africa mabelu oyamba a mtundu uwu, asanu ndi atatu, anapacikidwa m'caka ca 1879 ku Grahamstown, mudzi umene tsopano uchedwa Makhanda. Kufupi ndi ife, ku Harare, kumene makolo athu ambiri anapita kukagwira nchito, chalichi lalikuru la Anglican la St Mary and All Saints liri ndi mabelu 10 m'nsanja yace imene inatha kumangidwa m'caka ca 1961.

Kuti timvetse maphunzirowo, tiyenera kuyamba taona kapacikidwe ka belu. Belu liri lonse limangidwa ku gudumu lamtengo, ndipo cingwe cicokera pagudumupo kutsikira m'cipinda ca pansi, m'mene oimba aima mozungulira, munthu mmodzi pa cingwe cimodzi. Asanayambe kuimba, aliimika belu kukamwa kwace kuli kumwamba monga mtsuko. Akakoka cingwe, belu ligwa, nilizungulira, niliimanso cagada kucokera mbali yina, litalira kamodzi kokha; ndipo ulendo umenewu utenga ngati masekondi awiri. Nyimbo ya m'buku singaimbidwe motere, pakuti belu silingalire kawiri motsatana msanga. Cimene woimba akhoza kucita ndico kulicedwetsa pang'ono kapena kulifulumizitsa pang'ono. Apa mpamene pacokera lamulo lalikuru la mwambo wonse: mabelu onse alira kamodzi kamodzi, ndiwo mzere umodzi; pa mzere wotsatira belu lingasinthane malo ndi linzace loyandikana nalo, koma silingalumphe malo awiri.

Khwerero loyamba ndilo kugwira cingwe, ndipo pano mphunzitsi sacoka pambali pa wophunzira ngakhale kamphindi. Amanga lilime la belu kuti lisalire, kuopa kusokosera mudzi wonse. Makokedwe ali awiri: poyamba akoka pa cigawo ca cingwe colukidwa ndi ubweya, cimene Angerezi acichula sally, kenaka cingwe cikwera, manja natambasuka m'mwamba, ndipo akoka pa nsonga yace. Mphunzitsi apatsa wophunzira kukoka kumodzi, kwinako nagwira yekha, kufikira manja atazolowera. Ndipo pambuyo pace awaphatikiza. Izi zitenga masabata, kwa ena miyezi, ndipo mphunzitsi wofulumira pano aononga. Belu lalikuru la m'chalichi la kumudzi lilemera makilogalamu 500 kapena kuposa, ndipo la ku Liverpool liposa matani 4. Pamwamba pa belu pali kamtengo kamene kalitsekereza lisapitirire poima. Wokoka mwamphamvu kopambana akathyola, belu nilizungulira lokha, nilikulunga cingwe, ndipo amene sacitaya msanga anyamulidwa kupita naco kudenga. Cotero lamulo loyamba limene mlendo alimva m'nsanja ndi lakuti asakhudze cingwe asanauzidwe, ndipo wokhala pansi asunge mapazi ace onse awiri pansi. Mphamvu sindiyo ifunika kwenikweni. Mwana wa zaka khumi akhoza kuphunzira, ndipo kawirikawiri aposa mnyamata wa nyonga amene afuna kuligonjetsa belu.

Atatha kuliimika belu ndi kuligwetsa monga afuna, wophunzira alowa pakati pa anzace. Mabelu awerengedwa kuyambira laling'ono la mau okwera, ndilo 1, kufikira lalikuru la mau a pansi, ndipo ayamba kuimba motsatana, 1 2 3 4 5 6, kubwereza-bwereza. Cioneka capafupi, koma taonani akazi atatu osinja pa mtondo umodzi: musi uli wonse ugwa pa nthawi yace, ndipo mmodzi akacedwa pang'ono misi igundana. Momwemonso pano. Wophunzira ayamba ndi maso, kutsata cingwe ca amene ali patsogolo pace. Koma belu lilira cingwe citapita kale, ndipo lalikuru licedwa kuposa laling'ono, kotero kuti maso okha anyenga. Ayenera kuchera khutu kufikira atazindikira mau a belu lace pakati pa enawo, ndi kumva yekha ngati lagunda linzace kapena lasiya mpata. Ife tiyesa kuti ili ndilo khwerero lofunika koposa onse, ngakhale ophunzira ambiri alipeputsa cifukwa liribe dzina lokometsa. Pambuyo pace mtsogoleri ayamba kuitana mabelu awiri awiri kuti asinthane, ndipo wophunzira azolowera kucoka pamalo pace ndi kubwererapo.

Tsono pafika pamene ambiri apunthwa, ndipo pamenepa mtsogoleri saitananso, koma mabelu asinthana pa kukoka kuli konse. Pa mabelu atatu mizere iyenda motere: 123, 213, 231, 321, 312, 132, ndi kubwerera pa 123. Mukatsata 1 mudzaona kuti ayenda malo amodzi amodzi kunka kumbuyo, akhala komweko kawiri, nabwerera kutsogolo. Ndipo mabelu enawo ayenda njira yomweyo, angosiyana poyambira. Wophunzira wocenjera aloweza pamtima manambala a mabelu amene adzawatsata, ndipo masiku oyamba aoneka wopambana anzace. Msampha uli pomwepo, pakuti tsiku limene ampatsa cingwe cina, kapena mnzace asokera, manambalawo samthandizanso. Aphunzitsi abwino amuuza kuti awerenge malo ace, kuti tsopano ndiri wacitatu, tsopano wacinai, ndi kuphunzira kuona zingwe zonse pamodzi, kuti apeze yekha cimene ayenera kucitsata. Maso otere sabwera ndi kufotokoza. Abwera ndi kuimba kambiri pakati pa anthu okhoza. Cifukwa cace nsanja zanzeru ziika wophunzira mmodzi yekha pakati pa ozolowera, ndi wina woima kumbuyo kwace womnong'oneza. Ophunzira atatu pa nthawi imodzi angosokeretsana.

Kucokera apa njira zicuruka, ndipo iri yonse iri ndi dzina, monga Plain Bob, Grandsire, ndi Stedman, yocokera kwa mwini buku uja. Zonse azisunga pamtima, pakuti m'nsanja mulibe woimba ndi pepala. Mabelu 4 apatsa mizere yosiyana 24, mabelu 5 apatsa 120, mabelu 6 apatsa 720, ndipo mabelu 7 apatsa 5040. Ciyeso coyamba ca wophunzira ndico kuimba mizere 1260 osalekeza, ngati mphindi 45. Ciyeso cacikuru, cimene acichula peal, ndico mizere yosacepera 5000, ngati maora atatu, osapumula ndi osalandirana cingwe. Coyamba codziwika bwino cinaimbidwa ku Norwich m'caka ca 1715. M'caka ca 1963 ku Loughborough anthu asanu ndi atatu anaimba mizere yonse 40,320 ya mabelu 8, natha maora 17 ndi mphindi 58. Masiku ano bungwe la Association of Ringing Teachers ligawa maphunziro onse m'makwerero asanu, ndi kupatsa wophunzira kalata ya umboni pa khwerero liri lonse, kuti aone kuti alikupita patsogolo, angafooke panjira.

Inu aphunzitsi a kwa Mavwere mulibe nsanja ya mabelu, koma cigawo ca m'mutu ca mwambo uwu mukhoza kuciyesa pabwalo la sukulu, ndipo cithandiza pa masamu ndi pa kumvetsera. Imikani ana anai pamzere, ali yense ndi khasu lakale la mau osiyana ndi a anzace, ndi nambala yace. Agogode motsatana kuyambira kumanzere: 1234. Pamenepo awiri oyamba asinthane malo, ndi awiri otsiriza momwemo, agogodenso: 2143. Tsopano a kumapeto aime, apakati okha asinthane: 2413. Pitirizani kusinthanitsa makonzedwe awiriwa, ndipo mudzapeza 4231, 4321, 3412, 3142, 1324, ndi kubwerera pa 1234. Imeneyi ndi mizere 8 yokha mwa 24. Ana akazolowera, afunseni kumene kwabisala 16 yotsalayo, ndipo musafulumire kuwayankha. Yankho ndi ili: pofika pa 1324, apakati asasinthane, koma awiri oyamba aime, otsiriza nasinthane, kuti pakhale 1342, ndipo ayambenso monga kale. Acite cimodzimodzi nthawi iri yonse imene 1 wabwerera kutsogolo nagogoda kamodzi, ndipo pa ulendo wacitatu adzafika pa 1234. Mwana wacisanu alembe mizere yonse pa bolodi; akapeza mzere wolembedwa kawiri, wina wasokera, ndipo ayambirenso.